Funsani Amalume: "Akuti ndibwere ndi ekisipiriyensi, nanga ndikaitenge kuti?"

Makalata a mwezi uno ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya anthu ofuna kulowa nchito yolemba mapulogalamu a kompyuta, ija amati programming. Ndasankhapo anayi. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse, ndipo yoyambayo ndaiyankha motalika chifukwa funso lake ndi lomwe labisala m'makalata ena onse.

*Amalume, ine ndine mnyamata wa zaka 23, nikhala ku Kapata kuno ku Chipata. Giredi 12 ninamaliza 2020 koma ndalama ya koleji kunalibe, ndiye manje nimagwira pa buthu ya mobile money ya mlamu wanga pafupi ndi msika. Kwa chaka na hafu nakhala nikuphunzira nekha pa YouTube, HTML, CSS, JavaScript pang'ono, Python nayo ninayambako, mwezi watha nayamba Java chifukwa mnzanga anati ndiye ili na ndalama. Vuto ni yakuti nchito iliyonse nikaiona pa intaneti akuti digiri na zaka ziwiri olo zitatu za ekisipiriyensi, olo ya junior imene. Natumiza ma CV osawerengeka palibe olo mmodzi anayankha. Nanga ekisipiriyensi munthu amaitenga kuti ngati onse akukana kumulemba poyamba? Kapena ningosiya chabe niziwerenga float?*
*Wotopa, Kapata*

Mphwanga, usasiye. Koma pali chimodzi choti usiye lero lomwe, ndi Java imene wayamba mwezi wathayo. Si kuti Java ndi yoipa ayi, mabanki ndi makampani akuluakulu amaigwiritsa nchito kwambiri, vuto ndi lakuti m'chaka ndi hafu walawa zinenero zitatu ndipo palibe chomwe wakhuta nacho. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Uli kale ndi HTML, CSS ndi JavaScript, zopangira mawebusayiti, khala pomwepo. JavaScript inayamba 1995 ndipo mpaka lero browser iliyonse pa foni ndi pa kompyuta imaimva, sikupita kulikonse. Uonjezepo zinthu ziwiri chabe, SQL yomwe ndi chinenero cholankhulira ndi database, nkhokwe yomwe pulogalamu imasungamo zolemba zake, ndi Git yosungira mbiri ya code yako. Ukadziwa chinenero chimodzi mpaka pansi, chachiwiri sichivuta, chifukwa variable ndi variable, loop ndi loop, zili ngati munthu wodziwa Chichewa akamaphunzira Chinsenga, sayambira pa ziro.

Tsopano tibwere pa liwu lakuvutitsa lija la ekisipiriyensi. Wolemba nchito akalemba kuti zaka ziwiri, si kuti amakonda kuwerenga kalendala, ndi mantha amene akulankhula. Akuopa kulemba munthu woti akampatsa nchito aifika pakati n'kuima, kapena pulogalamu ikafa Lolemba m'mawa makasitomala ali pamzere iye n'kuzimitsa foni. Chimene akufuna kudziwa ndi ichi: kodi munthuyu anapangapo chinthu n'kuchimaliza, munthu wina weniweni n'kuchigwiritsa nchito, chinaonongeka, iye n'kuchikonza? Basi. Ndipo ukaona bwino pa zonsezi palibe pomwe pakufunika kalata ya kampani. Ma tutorial a pa YouTube sangakupatse zimenezi chifukwa tutorial siionongeka, mphunzitsi anachotsa kale minga yonse mu njira, iwe umangoponda pomwe waponda iye, ndiye ukatseka vidiyo n'kutsegula tsamba loyera mutu umaima. Ndikudziwa kuti zimakuchitikira, zimachitikira aliyense amene waphunzira mwa njira imeneyi, si umbuli.

Wati mwina ungosiya uziwerenga float. Ine ndikuti float imeneyo ndiye nchito yako yoyamba ya programming, wakhala uli nayo m'manja masiku onsewa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Taganiza za kope lija la hadikava limene limakhala pa shelefu mu buthu, lomwe mumalembamo ndi bolopeni kuti uyu waika, uyu watapa, makona ake anapindika kale ndi thukuta la m'manja. Madzulo pofuna kutseka mumawerenga ndalama za m'kabati, mumayang'ana zotsala pa foni ya MTN ndi ya Airtel, ndiye tsiku lina sizigwirizana, pasowa K150, mlamu wako nkhope yasintha, iwe ukubwerera mzere ndi mzere ndi tochi ya foni kufuna pomwe palakwika. Limenelo ndi vuto lenileni la munthu weniweni, ndipo iwe ukulidziwa kuposa munthu aliyense wa digiri wa ku Lusaka amene sanakhalepo mu buthu dzuwa la Okutobala likuotcha malata.

Lemba kapulogalamu kakang'ono kotseguka pa browser ya foni. Kakhale ndi malo olembapo kuti ndi kuika kapena kutapa, netiweki iti, ndalama zingati, nthawi izidzilemba yokha. Madzulo kaziwerengera kuti m'kabati muyenera kukhala zingati ndipo pa foni iliyonse payenera kutsala zingati. Kayambe choncho basi, usaikemo zambiri. Ukangoyamba kukagwiritsa nchito mavuto enieni ayamba kubwera okha, ndipo ndi amene akuphunzitse. Netiweki ikathawa kazigwirabe nchito? Ndiye uphunzira kusunga zinthu mu foni momwemo ndi localStorage kapena IndexedDB. Walemba 500 m'malo mwa 50, ukonza bwanji popanda kufufuta umboni woti panali cholakwika? Mlamu wako akufuna kuona za sabata yonse ali kunyumba, ndiye apo pafunika server, kompyuta ya pa intaneti yomwe mafoni onse angaifikire, ndi database, SQL ija yalowa. Foni yagwa m'madzi, zolemba zonse zapita kapena unasunga kwina? Funso lililonse pamenepa ndi lomwe adzakufunse pa intaviyu, kusiyana kwake n'kwakuti iwe udzayankha zomwe unaziona ndi maso, osati zoloweza.

Ine pulogalamu yanga yoyamba yomwe munthu wina anaigwira inali ya pa sukulu ina kuno kum'mawa. Aphunzitsi ankavutika kuphatikiza mamakisi ndi kulemba ma report form pamanja temu ikamatha, ndiye ndinawapangira kanthu koti akalowetsa mamakisi kaziwerengera ndi kusanja ana kuyambira woyamba. Pa laputopu yanga kankayenda bwino kwambiri. Tsiku lopereka ma report mayi wina anabwera ndi mwana wake wamkazi akulira, pepala likuonetsa kuti mwanayo walephera masamu pomwe pepala la mayeso lomwe anali nalo m'manja linali ndi mamakisi apamwamba. Nditafufuza ndinapeza kuti m'kalasimo munali ana awiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi, mukudziwa kwathu kuno a Phiri ndi a Banda ndi ochuluka bwanji, ndipo pulogalamu yanga inkasiyanitsa ana ndi dzina chabe, ndiye mamakisi a wina analowa pa mnzake. Nkhope ya mwana uja sindinaiiwale. Usiku umenewo ndinakonza kuti mwana aliyense akhale ndi nambala yakeyake yosafanana ndi ya wina, chimene m'mabuku amachitcha primary key, ndipo m'mawa ndinapita kukapepesa kwa mayiwo ndi kwa ahedi. Ndinali nditawerengapo za primary key kambirimbiri koma ndinaimvetsa tsiku limenelo. Patapita nthawi pa intaviyu ina anandifunsa za cholakwika chachikulu chomwe ndinachitapo, ndinafotokoza nkhani imeneyi monga momwe inalili, ndipo ndinaona wofunsayo akusiya kuyang'ana pa CV n'kuyamba kundiyang'ana ine.

Kapulogalamu ka buthu kameneka usakasunge mu laputopu ngati mbewu. Tsegula akaunti pa GitHub, webusayiti yomwe anthu amasungapo ndi kuonetsapo code yawo, ndi yaulere, uikepo code yako kuyambira tsiku loyamba, ndipo uzichita commit, ndiko kusunga mu Git zomwe wasintha, pafupipafupi kuti munthu akatsegula aone kuti chinthuchi chinakula pang'onopang'ono m'manja mwako, sichinakoperedwe usiku umodzi. Lemba README, tsamba lofotokoza pulojekitiyo, yomveka, vuto linali lotani, ndani akugwiritsa nchito, chinavuta ndi chiyani, uikepo ndi zithunzi. GitHub Pages imakulola kuika webusayiti ya HTML, CSS ndi JavaScript pa intaneti osalipira kalikonse, ndiye munthu atha kungodina link n'kuona chinthucho chikuyenda. Koma tamvera apa, manambala a foni ndi maina a makasitomala asapezeke pa GitHub olo pa chithunzi, ikamo ongopeka. Zambia ili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, munthu amene wabwera kudzatapa ndalama ya feteleza sanakupatse nambala yake kuti dziko lonse liione.

Kenako pita kwa wachiwiri ndi wachitatu. Chipata yadzaza ndi anthu amene akuyendetsa ndalama zambiri pa kope ndi pamtima. Amayi a vileji banki amene pa share out amakhala mpaka mdima kuwerengera chiwongola dzanja cha aliyense, magulu a chilimba, wogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda amene sadziwa kuti m'sitolo mwatsala matumba angati mpaka atalowa kukawerenga, ogula soya ndi nshawa nyengo ya malonda, ma lodge a njira ya ku Mfuwe amene alibe olo tsamba limodzi pa intaneti. Woyamba mpangire ulere kapena pa mtengo wochepa chifukwa nawenso ukuphunzirapo, koma umupemphe chinthu chimodzi, avomere kukhala referee wako. Kuyambira wachiwiri uzilipiritsa, mugwirizane pa WhatsApp molemba kuti upanga chakuti ndi chakuti pa mtengo wakuti, theka poyamba theka pomaliza, apo bii adzakhala akukuonjezera nchito mpaka chaka chitha.

Ukachita izi CV yako isintha yokha. Pano ndikukhulupirira yalembedwa kuti ndimadziwa HTML, CSS, JavaScript, Python, Java, ndipo ma CV otere wolemba nchito amalandira mulu. Ya mawa idzanena kuti ndinapanga pulogalamu yowerengera float yomwe ikugwira nchito pa mabuthu atatu kwa miyezi isanu ndi umodzi, link ndi iyi, nambala ya mwini buthu ndi iyi. Imeneyo ndi ekisipiriyensi, ilembe pansi pa mutu wa ekisipiriyensi mosachita manyazi, bola usanamepo kanthu. Ndipo ukaona nchito ya junior yomwe zambiri zomwe akufuna ukuzitha, tumiza olo alembe zaka ziwiri, okana akhale iwo osati iwe.

Usamangoyang'ana khomo lolembedwa kuti software developer. Kuno kum'mawa makomo otere ndi ochepa, ambiri ali ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500 pa Great East Road. Koma makomo a m'mbali alipo. Mabungwe a zaulimi ndi zaumoyo amalemba ma data clerk ndi anthu otolera mayankho m'midzi ndi ma tablet a KoboToolbox kapena ODK, zipatala zimagwiritsa nchito mapulogalamu osungira zolemba za umoyo a SmartCare ndi DHIS2, masukulu ndi maofesi amafuna munthu wa IT support. Ukalowa ngati data clerk n'kuona kuti lipoti lomwe anzako amalipanga masiku atatu pa Excel iwe ungalembe kapulogalamu kolipanga pa mphindi zochepa, bwana adziwa dzina lako, ndipo ambiri amene ndimawadziwa mu nchitoyi analowera khomo limeneli. Ku Lusaka kuli BongoHive, malo a anthu a zaukadaulo omwe anayamba 2011, uziwatsatira pa Facebook ndi LinkedIn chifukwa amalengeza maphunziro ndi misonkhano. Nchito zambiri zoyamba zimabwera kudzera mwa munthu amene anaonapo zomwe unapanga, ndiye uzionekera, uzifunsa, safunsa anadya phula.

Pali njira inanso yomwe sifuna basi ya ku Lusaka, ndi open source, mapulogalamu omwe code yake ili poyera ndipo aliyense atha kuthandiza kukonza. Pa GitHub fufuza ma issue, ndiwo mavuto ofuna kukonzedwa, olembedwa kuti good first issue. Poyamba uchita mantha, code ya eni ake ndi yaikulu ngati munda wa estate, koma yamba ndi kakang'ono, olo kukonza malangizo olakwika. Wina wa ku dziko lina adzawerenga zomwe walemba n'kukuuza kuti apa konza, ndipo kudzudzulidwa kumeneko ndi sukulu yomwe ena amalipira ndalama zambiri. Google Summer of Code, yomwe inayamba 2005, kuyambira 2022 imalandira ndi anthu omwe sali pa yunivesite bola akwanitse zaka 18 ndipo akhale atsopano mu open source, ndipo amalipira. Mpikisano wake ndi waukulu, sindikukulonjeza, koma amene amasankhidwa kawirikawiri ndi omwe anayamba kale kuthandiza pulojekitiyo miyezi ya m'mbuyo.

Sindikunamiza kuti zichitika mwezi wamawa. Zitha kutenga chaka, mwina kupitirira, ndipo buthu usaisiye chifukwa ndi imene ikukugulira bandulo. Undilembere ukamaliza tsamba loyamba la ka float kaja, ndikufuna ndikaone.

*Amalume, ndine mtsikana wa zaka 19 ku Lundazi. Ndimafunitsitsa kuphunzira coding koma laputopu ndilibe, ndili ndi foni ya Android chabe, magetsi amapitapita ndipo bandulo imatha msanga ndikamaonera mavidiyo. Azichimwene anga akuti izi ndi za anyamata a m'tauni. Kodi n'zotheka kuyamba ndi foni?*
*Mwana wa alimi, Lundazi*

Mwana wanga, kuyamba n'kotheka, ndipo yamba sabata ino. Pa foni ungaike Pydroid 3 yomwe imayendetsa Python popanda intaneti, kapena Termux ngati ukufuna kuzolowera kulemba ma command monga pa Linux. Sololearn ili ndi maphunziro afupiafupi okwana pa sikirini ya foni. Pa nkhani ya bandulo, mavidiyo ndiye amadya, zolemba sizidya kwenikweni, ndiye tsamira ku zowerenga. freeCodeCamp ndi yaulere ndipo maphunziro ake ambiri ndi owerenga ndi kulemba code pomwepo, MDN Web Docs ndiye buku lalikulu la HTML, CSS ndi JavaScript. Ukapeza Wi-Fi kapena bandulo yotchipa ya usiku, dawunilodi zoti uwerenge sabata yonse. Magetsi akapita tenga kope ndi pensulo, lemba code pa pepala, uziyenda nayo mzere ndi mzere ngati ndiwe kompyuta, kulemba pambali kuti pano x ndi 3, pano wasanduka 4. Zimaoneka zachikale koma amene anaphunzira chonchi mutu wake umagwira msanga pomwe pulogalamu yalakwika.

Koma ndikuuze zoona, foni ikufikitsa pakati chabe. Kulemba pulogalamu yaitali ndi zala ziwiri pa galasi n'kotopetsa, ndipo zida zina za nchito sizikwana pa foni. Poyamba kiyibodi yotchipa ya USB ndi kachingwe ka OTG zithandiza kwambiri. Kenako yamba kusunga ya laputopu yogwiritsidwapo kale, sikufunika yatsopano yonyezimira, ikhale ndi RAM ya 8GB ngati n'kotheka, 4GB nayo imayenda ukaikamo Linux Mint m'malo mwa Windows, ndipo pogula uyang'anitsitse batire chifukwa ndi malodi shedingi athuwa laputopu ya batire yakufa ndi chitsulo chabe. Uichotse pa chaja pamaso pa wogulitsayo uone ngati ikhala. Ufunsenso ku sukulu yomwe unaphunzira ngati angakulole kugwiritsa nchito makompyuta a mu lab madzulo, aphunzitsi ambiri amakondwa mwana wakale akabwera ndi pempho lotere.

Za azichimwene akozo, usakangane nawo. Kompyuta siidziwa kuti amene akulemba wavala chitenje kapena buluku. Mu Zambia muno muli Asikana Network, bungwe lothandiza atsikana ndi amayi pa zaukadaulo, afufuze pa intaneti. Kulinso Outreachy, ma internship olipira a open source ogwirira kunyumba, omwe anakonzedwera anthu amene sapezeka kwambiri mu nchitoyi. Ndipo ukapanga kapulogalamu kowerengera atate ako kuti pa munda wa nshawa analowetsa zingati ndipo apeza zingati, azichimwene omwewo ndi amene adzayambe kukubwereka foni.

*Amalume, mwana wanga wamwamuna wakhoza bwino Giredi 12 ndipo ndinakonzeka kugulitsa ng'ombe ziwiri kuti apite ku koleji akaphunzire za makompyuta. Iye akukana, akuti masiku ano digiri ilibe nchito, zonse aphunzira pa intaneti ndipo azigwira nchito za kunja ali pakhomo. Ine za izi sindizidziwa. Ndani akunena zoona?*
*Bambo wa ku Petauke*

Abambo, mwana wanu akunena zoona theka. N'zoona kuti luso lenilenilo munthu atha kuliphunzira pa intaneti, ngakhale kosi yoyamba ya kompyuta ya ku Harvard, yotchedwa CS50, ili poyera kwa aliyense mwaulere. N'zoonanso kuti alipo a digiri amene sangathe kulemba pulogalamu yogwira nchito. Koma iye akumvera anthu a ku America, ndipo ife tili ku Zambia. Kuno nchito za boma, za m'mabanki ndi za mabungwe akuluakulu zimayamba ndi kusefa mapepala, wopanda dipuloma kapena digiri CV yake siifika n'komwe pa tebulo la amene akanaona luso lake. Kulinso ICTAZ, bungwe la akatswiri a ICT lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018, ndipo olemba nchito ambiri amafunsa umembala wake. Nchito za kunja zogwirira pakhomo ziliko, koma kumeneko akupikisana ndi anthu a ku India, Nigeria, Kenya ndi dziko lonse, ndipo woyamba kumene savuta kumira.

Mnyamata wa ku Kapata ndamuuza njira yopanda koleji chifukwa ndalama alibe. Wanu mwayi ulipo, asautaye. Maphunzirowa ali ku UNZA ku Lusaka, ku CBU ku Kitwe, ku Mulungushi ku Kabwe, ku Zambia University College of Technology ku Ndola, ku Evelyn Hone ndi kwina. Musanagulitse ng'ombe yambani mwafunsa za ngongole ya ophunzira ya HELSB, komanso ma bursary a CDF a maphunziro a luso, mafomu ake amadzera ku Ward Development Committee ya kwanu. Ndipo koleji iliyonse musanalipire ngwee imodzi, onetsetsani kuti ndi yolembetsedwa ku TEVETA kapena ku Higher Education Authority, chifukwa setifiketi ya koleji yosalembetsedwa ndi pepala lokulungira tomato.

Mwanayo mumuuze kuti mwamumva, ndipo mupangane chonchi: apite ku sukulu, koma zomwe amati aphunzira pa intanetizo aziphunzirabe ali komweko, holide iliyonse akabwera akuonetseni chinthu chomwe wapanga chikuyenda pa foni yanu, ndipo nthawi ya attachment asasankhe ofesi yomwe azikangokhala, asankhe komwe akamugwiritse nchito. Akatero pomaliza adzakhala ndi pepala ndi luso lomwe.

*Amalume, ndine mphunzitsi wa masamu ku Katete, zaka 36, ana atatu. Ndimafuna kuphunzira programming koma anzanga akuti ndachedwa, komanso akuti AI ithetsa nchito imeneyi. Chinanso, ndaona pa Facebook munthu akulonjeza kosi ya masabata asanu ndi limodzi ndi nchito ya kunja yolipira madola pomaliza, koma akufuna ndilipiretu ndalama ya registration pa mobile money lero. Nditumize?*
*Madamu, Katete*

Madamu, musatumize. Palibe munthu angakulonjezeni nchito ya madola pambuyo pa masabata asanu ndi limodzi, ndipo wokukakamizani kulipira lero lomwe pa nambala ya munthu akudziwa kuti mukagona n'kuganiza simulipira. Nchito yeniyeni siyamba ndi inu kulipira. Zonse zomwe angakuphunzitseni pa masabata amenewo zili pa freeCodeCamp ndi CS50 mwaulere.

Kuchedwa simunachedwe. Munthu wa masamu amene wakhala zaka akuphwanya funso lalikulu kukhala masitepe ang'onoang'ono kuti mwana wa Giredi 9 amve, wachita kale theka la nchito ya programming. Kwa inu ndingasankhe Python ndi SQL, chifukwa zimagwirizana ndi manambala ndi data. Uphunzitsi musausiye, ola limodzi madzulo ana akagona ndi Loweruka m'mawa zikwanira bola zikhale za sabata iliyonse. Ndipo inu muli ndi chomwe achinyamata aja akusowa, mumadziwa sukulu mkati mwake, mukudziwa pomwe aphunzitsi amataya nthawi, ma register, mamakisi, ndandanda ya mayeso, ndiye pulojekiti yanu yoyamba simukaifuna kutali.

Za AI, kuyambira pomwe ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022 nchitoyi yasinthadi, ndipo sindikubisirani, tinchito tophweka tomwe kale ankapatsa oyamba kumene tsopano makina amatilemba pa mphindi imodzi, ndiye khomo la junior lapanikiza kuposa kale. Koma makinawo amalakwitsa molimba mtima, amakupatsani code yooneka bwino yomwe ili ndi cholakwika mkati, ndipo pamafunika munthu woti awerenge n'kuona. Sadziwanso kuti ku sukulu kwanu netiweki imagwira pansi pa mtengo wa mango pokha, kapena kuti m'kalasi mwanu muli ana awiri a dzina limodzi, pokhapokha wina awauze. Muziigwiritsa nchito ngati mphunzitsi mnzanu wa mu staff room, muifunse kuti error iyi ikutanthauza chiyani, mzere uwu ukuchita chiyani, indipatse mafunso ena oyeserera. Koma miyezi yoyambirira musailole kukulemberani yankho lonse, mukudziwa bwino chimene chimachitikira mwana wokopera homuweki tsiku la mayeso likafika. Mzere uliwonse womwe simungaufotokoze ndi pakamwa panu usalowe mu pulogalamu yanu.

Yambani ndi mamakisi a kalasi imodzi ya temu yathayi, muwaike mu fayilo ya CSV, tebulo losavuta lomwe mungalisunge kuchokera mu Excel, maina muwasinthe akhale manambala, ndiye mulembe Python yowerengera avareji ndi kukuuzani funso lomwe ana ambiri analakwa. Ikakana kuyenda, jambulani error yonse monga momwe yalembedwera munditumizire, tidzaiona limodzi m'kope la mwezi wamawa.